Agogo ndi dzuwa la Okutobala mu Lilongwe: mafunso ndi mayankho

Mu Lilongwe kutentha kumayamba kuluma kumapeto kwa Seputembala, n'kufika poipa mu Okutobala ndi Novembala mvula isanakhazikike. Miyezi yomweyi ndi imene maukwati, zinkhoswe, ziliza ndi misonkhano ya mipingo zimapanikizana, kumudzi nako anthu ali kalikiliki kusosa ndi kuunda mizere. Agogo athu amafuna kukhala nawo pa zonsezi, ndipo n'koyenera kuti azikhala nawo. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene anthu osamalira makolo okalamba amafunsana kawirikawiri. Kwa amene ali ndi matenda okhalitsa, mawu omaliza akhale a dokotala amene amawaona.

Kuno si ku Nsanje. Kutentha kwa Lilongwe kungadwalitse munthu?

Kungathe. N'zoona kuti Lilongwe ili pamtunda, mamita opitirira pang'ono 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, choncho sitiona zimene amaona anzathu a ku Chikwawa ndi Nsanje kumene kutentha kumadutsa madigiri 40. Kuno masana a Okutobala ndi Novembala amakhala cha m'madigiri 30, masiku ena kukwererapo. Koma nambala imene a zanyengo amalengeza pa wailesi amayeza pamthunzi, pamalo podutsa mphepo. M'chipinda cha malata chopanda siling'i, chokhala ndi kawindo kamodzi, ku Mtandire kapena ku Chinsapo, mumatentha kuposa pamenepo, ndipo njerwa zimasunga kutenthako mpaka usiku. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti m'chipinda musamafike madigiri 32 masana ndi 24 usiku. Nyumba zambiri za m'malokeshoni athu zimatha kudutsa malire amenewa mu Okutobala.

Choopsa kwenikweni ndi masiku otentha otsatizana, pamene thupi silipeza mpata wopuma ngakhale usiku. Nthambi yoona za nyengo ikachenjeza za kutentha kwa masiku angapo, musamati akunena a ku chigwa cha Shire okha.

Bwanji okalamba ndi amene amavutika kwambiri?

Thupi limadziziziritsa potulutsa thukuta ndi potumiza magazi ambiri kukhungu. Munthu akamakula, thukuta limachedwa kubwera ndipo limachepa. Mtima nawo umagwira ntchito yowonjezera yopopa magazi aja, pomwe mwina ndi wotopa kale. Impso sizisunganso madzi bwino. Pamwamba pa izi, ludzu limasiya kumveka msanga, moti agogo akhoza kuuma m'thupi koma akunenetsa kuti alibe ludzu, ndipo sakunama.

Amayi anga amakana madzi. Ndichite nawo bwanji?

Yambani mwafufuza chimene akukanira, chifukwa kawirikawiri chimakhalapo, kungoti sachinena. Ena amaopa kudzuka usiku. Chimbudzi chili panja, kunja kuli mdima, mawondo akupweteka, ndiye amaona kuti kuli bwino kusiya kumwa dzuwa likangopendeka. Abambo ambiri okalamba amene ali ndi vuto la kukodza pafupipafupi amachita zomwezi. Ena amachita manyazi ndi mkodzo wotuluka wokha, makamaka akamapita pagulu. Ndiye pali ena amene amaona mdzukulu akubwera ndi chigubu kuchokera ku kiyosiki, madzi ogula, mipopi itauma masiku awiri, n'kumadzimana kuti ana apeze akumwa. Zimenezi ndi zimene zimandikhudza kwambiri, pakuti munthu wake amaoneka ngati wosamva, pomwe akuchita chifundo.

Chifukwa chikadziwika, njira imaoneka. Madzi ambiri amwe m'mawa ndi masana, madzulo achepetse. Usiku muwaikire ndowa yovindikira pafupi ndi pogona, ndi tochi, mwaulemu ndi mosalengeza. Musamafunse kuti "Amayi, mukufuna madzi?" chifukwa yankho mukulidziwa kale. Bwerani ndi makapu awiri, mukhale pansi, mumwe limodzi. Kumwa mukumangirire ku zinthu zimene amachita kale: akadzuka, akamamwa mankhwala, akamaliza kudya, wailesi ikamawerenga nkhani. Madzi a mumtsuko amakhala ozizira bwino ndipo okalamba ambiri amawakonda kuposa a mufiriji amene amati amawapweteketsa mano.

Kukalipa sikuthandiza. Munthu amene anakuberekani mukamulankhula ngati mwana, amakana kuti asunge ulemu wake.

Amwe ochuluka bwanji? Nanga thobwa ndi tiyi zikuwerengedwa?

Kwa ambiri, makapu 6 mpaka 8 pa tsiku, kapena kuti malita pafupifupi awiri, ndipo tsiku lotentha kwambiri awonjezere. Chophweka n'kudzaza botolo la malita awiri m'mawa, likhale lawo okha, madzulo muone pamene lafika. Mkodzo nawo umanena: woyererako ndiye bwino, wachikasu kwambiri ndi wochepa ndiye kuti madzi akuperewera.

Thobwa, maheu, phala lamadzimadzi, tiyi wosawawa kwambiri, madzi a malambe kapena a bwemba, zonsezi zimathandiza. Mavwende, nkhaka, mapapaya ndi mango amene ayamba kupsa nyengo ino zilinso ndi madzi ambiri. Odwala shuga asamale ndi zotsekemera, thobwa lothira shuga ndi mango ambiri nthawi imodzi. Mowa ndi umene suwerengedwa. Kachasu makamaka amakodzetsa, amaumitsa thupi, ndiponso amagonetsa munthu padzuwa osazindikira.

Pali gulu limodzi limene malangizo a malita awiriwa saligwira: amene ali ndi vuto la mtima lotupitsa miyendo, kapena matenda a impso, omwe adokotala anawaikira muyeso wa madzi. Iwowa afunse ku kiliniki kwawo kuti nyengo yotentha achite bwanji.

Thanzi ORS ndi ya ana okha?

Ayi, akulu amamwanso. Imafunika ngati agogo atsegula m'mimba, asanza, kapena atuluka thukuta kwambiri n'kufooka. Paketi imodzi imasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi otetezedwa. Ikasowa, thirani timasupuni 6 ta shuga tosasefukira ndi theka la kasupuni ka mchere mu lita imodzi. Si chakumwa cha tsiku lililonse, makamaka kwa odwala BP. Ndipo madzi ake akhale owiritsa kapena othira klorini. Kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, Lilongwe ili m'gulu la maboma amene anakhudzidwa kwambiri. Mipopi ikauma anthu amathamangira ku zitsime, ndipo okalamba sachedwa kutha mphamvu akatsegula m'mimba.

Abambo amamwa mankhwala a BP ndi a shuga. Asiye kaye mpaka mvula igwe?

Asasiye paokha. Zoona, mapiritsi ena a BP, monga HCTZ ndi Lasix, amakodzetsa, ndipo kukatentha akhoza kuchititsa chizungulire munthu akadzuka msangamsanga. Chochita n'kukauza adokotala tsiku la kiliniki, kapena tsikulo lisanafike ngati chizungulire chanyanya, iwo ndi amene angasinthe muyeso. Pakadali pano azidzuka pang'onopang'ono, akhale kaye m'mphepete mwa bedi asanaimirire.

Amene ndimawaopa ndi mankhwala ogula pa golosale. Agogo ambiri amamwa Brufen, Diclofenac kapena Indocid chifukwa cha mawondo ndi msana, osauza aliyense. Mankhwala amenewa akakumana ndi thupi louma amawononga impso, makamaka mwa munthu amene akumwanso a BP. Yang'anani m'kachikwama kawo, muwatengere onse ku chipatala akawaone.

Mankhwala asakhale pawindo kapena pafupi ndi denga. Insulini imawonongeka ndi kutentha. Kopanda firiji, ambiri amaikulunga m'pulasitiki n'kuisunga mumtsuko wa dothi wokhala ndi mchenga wonyowa, pamthunzi.

Ndidziwa bwanji kuti zafika poopsa?

Pali magawo awiri. Loyamba ndi kufooka ndi kutentha: mutu kupweteka, chizungulire, nseru, thukuta lambiri, minofu kukokana, koma munthu akulankhula zomveka. Mupititseni pamthunzi, agone miyendo itakwera pang'ono, muvuleni juzi ndi jekete, mumupukute ndi nsalu yonyowa, amwe pang'onopang'ono. Pakatha mphindi 30 osasintha, pitani ku chipatala.

Gawo lachiwiri ndi limene limapha. Thupi limatentha kufika madigiri 40, munthu amabalalika, amalankhula zosagwirizana, amadzandira, mwina kukomoka kapena kugwa ngati wakhunyu. Khungu limakhala lotentha, nthawi zina lopanda thukuta n'komwe. Apa musadikire. Wina akasake galimoto, inu muyambe kumuziziritsa pomwepo: mthireni madzi thupi lonse, mumukupize ndi lichero kapena katoni, muike nsalu zonyowa m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche. Amene sakudziwa pamene ali musam'mwetse kanthu, angatsamwe, mugonekeni cham'mbali. Panado satsitsa kutentha kwa mtundu umenewu. M'galimoto mawindo akhale otsekula ndipo mupitirize kumunyowetsa.

Thamangirani chipatala chimene chili pafupi, kaya ndi Kawale, Area 18, Area 25, Bwaila kapena Likuni. Akaona kuti n'zazikulu atumiza ku Kamuzu Central. Malungo, sitiroko ndi kutsika kwa shuga zimabalalitsanso munthu mofananamo, ndipo pakhomo simungasiyanitse. Zonsezi ndi za ku chipatala tsiku lomwelo.

Tapeza gogo wosamudziwa akuyendayenda, akulankhula zosamveka. Anthu ayamba kunena za ufiti.

Mukhazikeni pamthunzi, muime pakati pa iye ndi gulu, muitane amfumu kapena apolisi, ndipo apite ku chipatala. Kuuma m'thupi, kutentha, matenda a m'chikhodzodzo, shuga ndi matenda oiwalaiwala zimachititsa munthu wokalamba kusochera ngakhale pa njira imene wayenda zaka makumi. Akhoza kuvula zovala chifukwa akupsa. Akhoza kuvomera chilichonse chimene mwamufunsa chifukwa mutu sukugwira. M'dziko muno okalamba akhala akumenyedwa ndi kuphedwa pa zifukwa zotere, ndipo mabungwe oimira anthu okalamba monga MANEPO akhala akudandaula za nkhanzazi kwa zaka zambiri. Lamulo la za ufiti la 1911 limati kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu okalamba. Koma pa mphindi imeneyo chimene chimapulumutsa gogoyo ndi munthu mmodzi wolimba mtima wonena kuti, "Awa akudwala, tiyeni tiwathandize."

Nyumba yathu ndi ya malata ndipo magetsi amazimazima. Tingaiziziritse bwanji?

Masana agogo asakhale m'chipinda. Mphasa pansi pa mtengo wa mango, kapena pakhonde la mbali imene kulibe dzuwa, ndi pabwino kuposa pabedi. Mawindo a mbali ya dzuwa atchingidwe ndi chitenje, dzuwa likalowa mutsekule onse kuti mpweya wotentha utuluke. Mbaula ikhale panja. Chitenje chonyowa pamapewa, mapazi m'beseni la madzi, kusamba madzi osatenthetsa masana ndi asanagone, zonsezi sizifuna magetsi. Fani ndi yabwino, koma m'chipinda mukatentha kuposa thupi la munthu imangouzira mpweya wotentha, ndiye khungu linyowetsedwe kaye.

Usiku ambiri timatseka mawindo poopa akuba. Ngati pali zitsulo, siyani lotsekula ngakhale limodzi, ndipo neti isachotsedwe chifukwa cha kutentha. Amene ali ndi kangachepe, siling'i ya chipinda cha agogo chokha, ngakhale ya mphasa kapena nsungwi, imasintha zinthu kwambiri.

Ndiye si bwino kungowaletsa kutuluka mpaka Disembala?

Ayi, ndipo apa ndi pamene ana ambiri okonda makolo awo amalakwitsa. Agogo amene mwawasiya m'nyumba, inu mwapita ku ntchito, ana ali ku sukulu, ndi amene ali pangozi kuposa amene ali pa bawo pansi pa mtengo ndi anzawo. Pa bawo pali maso. Mnzawo amaona kuti lero awa sakuwerenga bwino nkhomo, akulankhula mosiyana ndi masiku onse, ndipo amaitana anthu. M'chipinda chotseka palibe woona mpaka madzulo. Munthu wokhala yekha amadyanso pang'ono, amamwa pang'ono, miyendo imafooka chifukwa chosayenda, ndipo mtima umagwa. Miyezi iwiri yotere imakalambitsa munthu kuposa dzuwa.

Chofunika kusintha ndi nthawi, malo ndi zonyamula. Mu Okutobala kumacha cha m'ma 5 koloko, choncho kuyenda pang'ono, kuthirira ndiwo kuseri kwa nyumba, kukaona mnzawo wodwala, zichitike isanakwane 9. Kuyambira cha m'ma 11 mpaka 3 koloko masana akhale pamthunzi, koma pamthunzi pali zochita: bawo, kuluka, kusenda mtedza, kumvera wailesi ndi aneba, kuphunzitsa zidzukulu nyimbo. Dzuwa likapepa atulukenso. Kulikonse kumene akupita atenge botolo la madzi, ambulera kapena chipewa, ndi kapepala kolembapo dzina lawo, mankhwala amene amamwa ndi nambala ya mwana wawo.

Nanga maliro? Amayi sangalole kujomba.

Ndipo musawakakamize, pakuti kwa iwo kusapita ku maliro a mnansi n'kudzichotsa pakati pa anthu. Koma pa zochitika zonse, maliro ndi amene amazunza okalamba kwambiri nyengo ino. Amayi amagona m'siwa modzaza, mawindo otseka, akuimba usiku wonse. Kukacha mwambo umayamba dzuwa litakwera kale, zolankhula n'kutalika, ulendo wa ku manda n'kuchitika dzuwa lili paliwombo. Ambiri amakhala atavala yunifolomu ya mpingo, chitenje pamwamba, abambo ali m'majekete. Madzi samwa poopa chimbudzi chimodzi cha anthu mazana.

Kambiranani nawo asananyamuke. Akhoza kukapepesa m'mawa kwambiri kapena madzulo, kukhala ndi ofedwa maola angapo, kupereka chipepeso n'kubwerera kukagona kunyumba. Tsiku loika akhale kunja pamthunzi m'malo mwa m'nyumba, ndipo ku manda apite pokhapokha ngati pali galimoto. Mdzukulu mmodzi akhale nawo pafupi, ntchito yake kuwapatsa madzi. Palibe wanzeru amene angadzudzule gogo wa zaka 80 chifukwa chotsalira pakhomo anthu akupita ku manda.

A komiti ya maliro, amfumu ndi akulu a mpingo ali ndi mbali yaikulu. Ndowa za madzi akumwa otetezedwa zikhale pamene okalamba akhala, osati ku khitchini kokha. Mipando ya pamthunzi iyambe ndi iwo. Tenti ya pulasitiki yotseka m'mbali imatentha ngati uvuni, ikwezedwe. Ndipo woyendetsa mwambo alimbe mtima kufupikitsa zolankhula.

Ndimatsogolera gulu la amayi ku tchalitchi. Tisinthe chiyani?

Kaya ndi Chigwirizano cha Lachinayi, limana, Dorika, kwaya kapena banki m'khonde, yang'anani nthawi yoyambira. Msonkhano wa 2 koloko masana umatanthauza kuti amayi okalamba anyamuka kwawo dzuwa lili pamutu. Kwa miyezi iwiri yokha, muusunthire m'mawa kapena 4 koloko, kapena muzikumana kwa amene amayenda movutika. Ikani nthawi yomwa madzi m'pulogalamu momwe, aliyense amwe, kuti wina asachite manyazi. Nyimbo zovina zikhalepo, koma okalamba auzidwe poyera kuti kuimba atakhala pansi si kulakwa. Ndipo amene sanabwere, wina akawaone tsiku lomwelo, osadikira Lamulungu.

Agogo amasala kudya, nthawi zina amapita kukapemphera ku phiri la Bunda.

Chikhulupiriro chawo chilemekezedwe. Koma kusala osamwa ngakhale madzi mu Okutobala, kwa munthu wokalamba, wa shuga, wa impso kapena womwa mankhwala okodzetsa, n'koopsa zedi. Pemphani abusa kapena ashehe alankhule nawo, chifukwa mawu amenewa amawamva bwino akachokera kumeneko kusiyana ndi kwa mwana wawo. Bunda ndi thanthwe, mthunzi ndi wochepa ndipo mwala umatentha. Ngati atsimikiza, akwere m'bandakucha, asapite okha, atenge madzi okwanira, atsike dzuwa lisanakwere.

Abambo akuumirira kukaunda mizere.

Apite, koma alawirire n'kuweruka 9 koloko isanakwane, chigubu cha madzi chili pamthunzi, ndipo wina adziwe munda umene apita. Ngati mungathe, lipirani aganyu agwire mbali yolemera, iwo akhale woyang'anira. Munda ukhalebe wawo.

Akufunika kupita m'tauni, ku banki kapena ku kiliniki.

Anyamuke ndi minibasi zoyambirira. Minibasi yodikira kudzaza pa depoti masana imatentha koopsa, ndiye akhale pawindo, kapena adikire panja pamthunzi mpaka itatsala pang'ono kunyamuka. Pa mzere wa penshoni, wa feteleza kapena wa Mtukula Pakhomo, wachinyamata awaimire iwo atakhala pansi, ndipo musaope kupempha oyang'anira kuti okalamba athandizidwe msanga. Musawasiye m'galimoto yoimika mawindo ali otseka, ngakhale mukungolowa mu shopu kwa mphindi zochepa.

Tikufuna kuwasangalatsa pa Tsiku la Anakubala. Tiwatengere kuti?

Tsikuli, 15 Okutobala, limagwa pakati penipeni pa kutentha, chimodzimodzi 1 Okutobala, tsiku lokumbukira anthu okalamba pa dziko lonse. Ambiri amaganiza za ku nyanja, koma ku Salima kumatentha kuposa kuno, ndipo ulendo wa makilomita pafupifupi 100 m'galimoto yodzaza umatopetsa. Mukapita, nyamukani m'mamawa ndipo mupeze malo a mthunzi weniweni. Mumzinda momwemuno muli malo a mitengo, monga Botanic Garden kufupi ndi Capital Hill ndi Lilongwe Wildlife Centre, oyenera kupitako m'mawa. Komanso funsani eni ake. Amayi ambiri chimene amafuna ndi chitenje chatsopano, nkhuku ya lokolo, ndi kuti mukawatengere mchemwali wawo kapena mnzawo wakalekale amene sanaonane naye chaka chonse, acheze pakhonde mpaka madzulo.

Makolo anga amakhala okha kumudzi, ine ndili ku Area 49. Ndingatani ndili kuno?

Imbani foni kawiri pa tsiku masiku otentha kwambiri, kamodzi masana. "Muli bwanji?" sakwanira, chifukwa yankho lake ndi "Tili bwino" nthawi zonse. Funsani kuti adya chiyani, mumtsuko mwatsala madzi ochuluka bwanji, watunga ndani, lero acheza ndi ndani. Mvetserani kalankhulidwe: akamabwereza zomwezomwezo kapena kusokoneza mayina mosiyana ndi kale, tumani munthu akawaone nthawi yomweyo.

Pezani mnansi mmodzi wodalirika, mugwirizane naye kuti azidutsako m'mawa ndi masana, ndipo muzimutumizira mayunitsi. Mjigo ukakhala kutali, lipirani wachinyamata aziwatungira madzi, chifukwa okalamba ambiri amamwa pang'ono poopa kusenza ndowa. Sungani nambala ya mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo ndi ya munthu wa njinga yamoto kapena galimoto amene angawanyamule usiku, ndipo mugwirizane naye mtengo zinthu zisanavute.